PHUNZO LISATSOGOLE NKHANI: ZA KUPEKA NKHANI ZAZIFUPI M'SUKULU ZA M'CHIGWA CHA SHIRE

Mawu Oyamba

Pali dandaulo lina lomwe limamveka kawirikawiri aphunzitsi a Chichewa akakumana, makamaka panthawi yochonga mayeso. Dandaulolo n'lakuti ana alibe maganizo. Akuti ukawauza kuti apeke nkhani yaifupi amangoluma cholembera, ndipo akati alembe, nkhani makumi anayi zimatuluka ngati njerwa zoumbidwa m'chikombole chimodzi. Mtsikana wosamvera makolo atenga pathupi nasiya sukulu. Mnyamata wosuta chamba achita misala. Mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza adzakhala dokotala. Kumapeto kumakhala chiganizo chodziwika chija chakuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chakutichakuti.

Zakuti nkhanizo zimafanana sitikana ayi. Chomwe tikukana ndi chifukwa chomwe chimaperekedwacho. Maganizo ana ali nawo, koma njira yathu yophunzitsira kupeka, pamodzi ndi mawu omwe timagwiritsa ntchito pophunzitsapo, zimawatsekera pakhomo. Tasankha kuona nkhaniyi poyang'ana maboma a Chikwawa ndi Nsanje chifukwa kumeneko vutoli lili pawiri: mwana amapatsidwa chikombole cha eni, ndiponso amauzidwa kuti asiye panja chiyankhulo chomwe iye amaganizira nacho.

Chikombole Chomwe Tidalandira

Mwambo wolemba nkhani zopeka m'Chichewa udakulira m'sukulu za mishoni. Buku la Nthondo, lomwe adalemba Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, lidatuluka m'chaka cha 1933. Bukuli likutsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake, unyamata wake wopulupudza, ulendo wake wokafuna ntchito kutali, mpaka kutembenuka mtima kwake. Njira imeneyi, yochoka kuzoipa, kudzera m'mavuto, n'kukafika kuzabwino, idasanduka msewu waukulu womwe alembi ambiri a pambuyo pake adayendamo.

Komabe munthu wowerenga Nthondo modekha aona kuti chomwe chimalipatsa moyo bukuli si phunzo lake. Mphamvu yake ili m'zinthu zomwe Nthara adaziona ndi maso ake m'midzi ya Achewa: miyambo ya pakubadwa kwa mwana, zochitika pamaliro, ndi makhalidwe a anyamata akakhala paokha. Chimodzimodzinso Sikusinja ndi Gwenembe, buku la John W. Gwengwe, lonena za m'bale wopha m'bale wake chifukwa cha kaduka. Phunzo lilimo ndithu, koma chomwe wowerenga amakumbukira atakula ndi mbalame ija yoimba, youlula chinsinsi chomwe wakuphayo ankayesa kuti chakwiririka. Alembi amenewa ankadziwa kuti munthu amayamba wamva mantha, chisoni kapena chimwemwe, kenaka n'kuphunzirapo kanthu.

Ife m'kalasi tidatola makoko n'kusiya mtedza. Tidatenga mathero a nkhani zotere, ndiko kuti chilango cha woipa ndi mphotho ya wabwino, n'kuwasandutsa chiyambi cha phunziro. Mwana akauzidwa phunzo asadapeze nkhani, ntchito yomwe yamutsalira ndi yongofuna munthu woti amulange. N'chifukwa chake ampangankhani a m'makope a ana athu sakhala ndi mudzi, sadya, saseka, sazengereza pochita chinthu; amangobadwa kuti alakwe n'kulangidwa.

Mawu Omwe Timaphunzitsira

Popeza tsamba lino ndi la mawu ndi kalembedwe, tiyeni tione mawu enieniwo. Ophunzira amaloweza kuti nkhani yaifupi imakhala ndi mutu, ampangankhani, malo ndi nthawi, tsatanetsatane, msemphano, pampondachimera ndi phunzo. Mawu amenewa ndi abwino ndipo adakhazikika. Koma tisaiwale kuti ndi zida zosanthulira nkhani yomwe yalembedwa kale. Kutchula ziwalo za bwato sikumuthandiza munthu kudziwa mtengo woti agwetse.

Liwu lovuta kwambiri ndi lakuti mutu. Liwuli timalisenzetsa katundu mutatu: dzina la nkhani lolembedwa pamwamba, chinthu chomwe nkhaniyo ikukamba, ndiponso nthawi zina phunzo lenilenilo. Mphunzitsi akalemba pabolodi kuti "Kuipa kwa Ulesi" amaganiza kuti wapereka poyambira, chonsecho wapereka mathero. Mutu wotere ndi woyenera chimangirizo chofotokoza kapena mtsutso, osati nkhani yopeka. Kusasiyanitsa chimangirizo ndi nkhani yopeka ndiko kwabala nkhani zambiri zomwe kwenikweni ndi ulaliki wovekedwa mayina a anthu.

Chomwe chikusowa pamndandanda wathu ndi liwu lotchulira kanthu kakang'ono komwe nkhani imamerapo. Ife tikupempha kuti aphunzitsi ndi akonzi aganizirepo mawu akuti mbewu ya nkhani. Mbewu ya nkhani ili ndi zinthu zitatu zokha: munthu wodziwika, chinthu chomwe iye akufunitsitsa, ndi chopinga chomwe chaima pakati pa iye ndi chinthucho. Mawuwa ali ndi ubwino wakuti mwana wa mlimi amawamva popanda kumasulira. Iye amadziwa kuti mbewu ndi yaing'ono, kuti imafuna nthaka yake, ndiponso kuti wofesa sadziwiratu kuchuluka kwa zokolola. Phunzo ndi zokolola, ndipo nthawi yake ndi masika.

Mbewu Zili Pakhomo

Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata bwino. M'chaka cha 1997 madzi osefukira adadula msewu ndi njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo odziwika ndi dzina lakuti Mtayamoyo, ndipo kwa zaka zambiri zotsatira anthu ankawoloka pamenepo ndi mabwato, olipira. Mwana wa kudera limeneli amadziwa zinthu zomwe mlembi wa ku Lilongwe sangazipeke: momwe njinga imagonekedwera m'bwato, momwe anthu amakhalira chete bwato likafika pakati pa madzi, ndi mkangano wa mtengo wowolokera madzi akachuluka.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi, m'malo molemba mutu pabolodi, wafunsa ana mafunso anayi. Loyamba: ndani waima padoko m'mawa uno? Mwana wina ayankha kuti ndi mtsikana wa Sitandade 8 yemwe watumidwa kukatenga mankhwala a agogo ake kutsidya. Lachiwiri: chikumuletsa n'chiyani? Ndalama yomwe wamanga pansonga ya chitenje yaperewera, pakuti mtengo wakwera usiku womwewo. Lachitatu: akalephera ataya chiyani? Agogo agona tsiku lina opanda mankhwala, ndipo iye ndiye adadya gawo la ndalamayo dzulo lake pogula zitumbuwa. Lachinayi: kodi achita chiyani chomwe sadachitepo chibadwire? Apa ndiye pomwe kalasi limagawikana. Wina akuti apempha mwini bwato, yemwe adakanganapo ndi bambo ake pa malire a dimba. Wina akuti apinyolitsa nsapato zake za kusukulu. Wina akuti anama kuti ndi mwana wa mfumu. Ana makumi anayi angathe kutuluka ndi nkhani makumi anayi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wauzidwa phunzo. Msemphano ndi pampondachimera zabwera zokha. Mphunzitsi angathe kuzitchula mayina pambuyo, ana ataziona kale m'nkhani zawozawo.

Onani kuti funso lachitatu lija ndilo lapatsa mtsikanayo umunthu. Iye si woipa kotheratu, komanso si mngelo: amakonda agogo ake, koma adadya ndalama. Munthu wotere chikombole chakale chija chilibe malo ake, koma ndiye yemwe wowerenga amamutsata mpaka kumapeto.

Mbewu zotere zili ponseponse m'chigwachi. Chaka cha njala anthu amalowa m'madambo kukazula nyika, akudziwa bwino lomwe kuti m'madzimo muli ng'ona. Mnyamata yemwe wapita koyamba ndi amayi ake ali ndi nkhani. Ku Nchalo, komwe munda wa nzimbe ndi fakitale ya shuga zidayamba m'zaka za m'ma 1960, kuli ana a odula nzimbe ochokera kumaboma akutali, okulira pakati pa ziyankhulo zingapo. Ku Majete, komwe nyama zidayamba kubwezeretsedwa kuchokera mu 2003, kungathe kukhala mwana yemwe malume ake amalondera nyama pamene bambo ake amadziwa kutchera misampha. Mwana wa ku Nsanje adaona doko lomwe lidatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu 2010 koma sitima za katundu sizidayambe kufikapo. Ndipo m'mabanja ambiri muli agogo omwe amakumbukira zaka zomwe anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique adadzaza midzi ya m'boma la Nsanje, nkhondoyo isadathe mu 1992. Ena mwa iwo adakwatirana ndi eni mudzi, kotero kuti manda a banja limodzi ali mbali zonse ziwiri za malire a ku Marka. Ngakhale dzina la dambo lalikulu lija la Elephant Marsh, lomwe David Livingstone adalitcha chomwecho ataona njovu zambirimbiri mu 1859, lili ndi funso lomwe mwana angayambirepo: nanga njovuzo zidapita kuti?

Phunziro la Nkhani za Mbona

Chigwa cha Shire chili ndi nkhani imodzi yomwe yadziwika kutali, ndiyo ya Mbona, yemwe kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Steve Chimombo adaitenga n'kulembapo sewero la The Rainmaker, lomwe lidasindikizidwa mu 1978. Wansembe ndi katswiri wa za chikhalidwe, Matthew Schoffeleers, adasonkhanitsa nkhani za Mbona momwe anthu a m'chigwa ankazifotokozera, ndipo zina adaziika m'buku lake la River of Blood la mu 1992. Chomwe chimaoneka poyera m'ntchito imeneyi n'chakuti nkhani ya Mbona si imodzi. Ofotokoza amagwirizana zakuti Mbona ankagwetsa mvula, adathawira kumwera ndipo adaphedwa, koma amasiyana pa zakuti mdani wake weniweni adali yani komanso chidayambitsa chidanicho n'chiyani.

Kwa mphunzitsi wa kupeka, kusiyana kumeneku ndi chuma. Kukuonetsa kuti makolo a ana amenewa sankaopa kufotokoza nkhani imodzi m'njira zingapo, molingana ndi komwe wofotokozayo waima. Sitikunena kuti ana atumidwe kukafunsa zinsinsi za kukachisi. Malo amenewo ali ndi eni ake ndi malamulo ake oyenera kulemekezedwa. Tikunena kuti luso lomwelo lingathe kugwiritsidwa ntchito pa nthano wamba zomwe ana amazidziwa kale. Mwana afotokoze nthano ya Kalulu ndi Fisi ngati kuti iye ndiye Fisi, kapena ngati mkazi wa Fisi yemwe akudikira ndiwo kunyumba. Akatero wazindikira yekha chinthu chomwe tanthauzo loloweza silikadamupatsa: kuti nkhani imasintha ukasintha woifotokoza.

Tiyeneranso kudzifunsa chifukwa chomwe mabuku odziwika onena za chigwachi ali ambiri m'Chingerezi. Ngakhale mbiri ya alimi a kumeneko, yomwe Elias Mandala adalemba m'buku la mu 1990, ili m'Chingerezi. M'Chichewa tingatchule Mbiri ya Amang'anja ya E. W. Chafulumira, koma nkhani zopeka zomwe zimamveka fungo la thonje, uchema ndi mphende zowamba n'zosowa. Alembi oti adzatseke mpata umenewu ali m'makalasi lero lino.

Cholembera Chofiira ndi Chiyankhulo cha Kwawo

Tsopano tifike pa mbali yomwe ikukhudza kwambiri ife osamala za kalembedwe. Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board lidayamba mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe adatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Ntchito ya bungweli idapita m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, chaka chomwenso unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za kwawo. Lamulo limenelo silidatsatidwe mokwanira, pakuti mabuku a m'ziyankhulo zinazo sadafike m'makalasi. Choncho mwana wa ku Tengani kapena ku Ndamera, yemwe kunyumba amayankhula Chisena, amakumana ndi Chichewa cholembedwa ngati chiyankhulo cha kusukulu.

Ziyankhulo ziwirizi n'zapachibale, ndipo ubale womwewo ndiwo umapunthwitsa. M'Chisena kulonga ndiko kuyankhula, pamene m'Chichewa kulonga ndiko kuika katundu m'thumba kapena m'dengu. Komwe Mchewa amati zinthu, Msena amati pinthu. Bwato ndi mwadiya. Pothokoza amati takhuta, liwu lomwe Mchewa angayese kuti munthuyo wadya mokwanira. Ngakhale mwana wa Chimang'anja, yemwe chiyankhulo chake ndi chimodzi ndi Chichewa, amamva m'kamwa mwa agogo ake maliwu a bv ndi pf omwe malamulo athu adawachotsa pomwe mabvuto adasanduka mavuto ndipo pfupa lidasanduka fupa. Chodabwitsa n'chakuti mwana yemweyo amawerenga bv m'mayina a Khulubvi ndi Mwabvi, ndipo palibe amene amati mayinawo ndi olakwa.

Mwana wotere akalemba nkhani yake yoyamba, tsamba limabwerako litafiira. Phunziro lomwe iye amatolapo si la kalembedwe ayi, koma lakuti zinthu za kwawo ndi zoopsa kuzilemba. Ulendo wotsatira amathawira ku nkhani yoloweza ya mtsikana wa m'tauni, yomwe mawu ake onse adawaona kale m'buku. Apa ndiye pagona gwero lachiwiri la kufanana kwa nkhani kuja. Mwana sakusowa maganizo. Akuzemba cholembera chofiira.

Sitikunena kuti malamulo a kalembedwe atayidwe. Mwana wa ku Nsanje adzalemba mayeso omwewo ndi mnzake wa ku Dowa, ndipo kumubisira Chichewa chovomerezeka kungakhale kumulakwira. Tikupempha zinthu zitatu zokha.

Choyamba, mbewu ya nkhani ifunidwe pakamwa, ndipo mwana aloledwe kuifotokoza kwa anzake m'chiyankhulo chomwe chamufikira msanga. Kulemba kubwere pambuyo.

Chachiwiri, kuchonga kukhale pawiri. Ulendo woyamba mphunzitsi angofunsa za nkhaniyo: kodi munthuyu akufuna chiyani, nanga pamenepa adamva bwanji? Ulendo wachiwiri, mwana atalembanso, ndiye aone za zilembo, mipatuko ya mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe.

Chachitatu, tisiyanitse mawu a wofotokoza nkhani ndi mawu a ampangankhani. Wofotokoza atsate Chichewa chovomerezeka, koma mpangankhani, m'kati mwa mitengero, aloledwe kuyankhula ngati munthu wa kwawo, malinga tanthauzo likumveka kuchokera m'ziganizo zoyandikana nazo. Mwini bwato wa pa Mtayamoyo akanena kuti, "Nkhabe kobiri, nkhabe kuwambuka," kwinaku akukankhira bwato m'madzi n'kumusiya mtsikana uja padoko, palibe wowerenga yemwe angasokonezeke. Kumuyankhulitsa Chichewa cha pawailesi kungakhale kunama, ndipo bodza lotere ndi loipa kuposa kulakwitsa chilembo. Akonzi a mabuku ndi a masamba a nkhani zazifupi m'nyuzipepala nawonso aleke chizolowezi chosalaza mawu otere ngati kuti ndi zolakwa.

Chenjezo pa Nkhani za Madzi Osefukira

Wina angaganize kuti mbewu yapafupi kwambiri m'chigwachi ndi madzi osefukira. N'zoona kuti ana omwe ali pasukulu tsopano, kapena akulu awo, adaona chigumula cha mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo ena adagona m'makalasi momwemo pamene sukulu zidasanduka misasa. Koma apa mphunzitsi ayende mosamala. Mwana yemwe adataya m'bale wake m'madzi asakakamizidwe kulemba za tsikulo pofuna malikisi. Akafuna yekha, amvedwe. Akasankha kulemba za mbuzi yomwe idathawa pamsika wa ku Ngabu, imeneyonso ndi nkhani.

Palinso ngozi ina. Mipikisano yolemba yomwe mabungwe ena amakonza imabwera ndi uthenga wokonzeratu, monga wakuti anthu asamukire kumtunda. Uthengawo ungathe kukhala wabwino, koma nkhani yobadwa mwa njira imeneyi ndi chikombole chakale chija chitapakidwa utoto watsopano. Mwana wa ku Makhanga amadziwa chifukwa chomwe agogo ake amabwererabe kudimba madzi akaphwa: nthaka ya kumeneko imabereka popanda feteleza, ndipo manda a makolo ali komweko. Nkhani yoona ndi yomwe ingaonetse mtima wa gogoyo ukukokedwa mbali ziwiri. Nkhani yongomudzudzula siphunzitsa wina aliyense, ngakhale wokonza mpikisanoyo.

Mawu Omaliza

Ena adzati nthano za makolo nazonso zidali ndi phunzo, ndiye palibe cholakwika kuliika patsogolo. Tikuvomera kuti lidalimo. Koma wofotokoza nthano ankayamba ndi "Padangokhala", omvera n'kuvomera kuti "Tili tonse", ndipo ankawatenga ana kudutsa nawo m'nkhalango, kuwaimbitsa nyimbo, kuwachititsa mantha ndi kuwaseketsa, phunzo lisadatchulidwe n'komwe. Dongosolo limeneli ndilo tikupempha kuti libwerere m'kalasi.

M'mera mpoyamba. Mlembi yemwe adzalembe buku la Chichewa lonena za moyo wa ku Chikwawa ndi ku Nsanje adzachokera mwa ana omwe lero akuuzidwa, kapena sakuuzidwa, kuti za kwawo n'zoyenera kulembedwa. Tikupempha aphunzitsi a m'maboma awiriwa kuti ayese mafunso anayi aja kwa teremu imodzi, n'kutitumizira maganizo awo pa mawu akuti mbewu ya nkhani, komanso mawu a Chisena ndi Chimang'anja omwe ana awo agwiritsa ntchito koma Chichewa cholembedwa chilibe ofanana nawo. Mawu oterowo ndi oyenera kufika kwa okonza mabuku otanthauzira mawu.